Oyilo pabwalo la apongozi anga

Galimoto ija inayamba kudontha mwezi womwe mpunga unayamba kucha kudambo. Amuna anga anali atamwalira m'mvula ya chaka chomwecho atangodwala masiku ochepa, ndipo anandisiyira ana, benchi yanga yogulitsira mpunga pa Nsipe, ndi pikapu yakale yoyera, yokoka ndi matayala onse anayi, ija anthu amati ya fowilo. Kuyendetsa ndinkadziwa, musandiyese wamba. Anandiphunzitsa okha pabwalo la mpira, uku akundikalipira ngati mwana, ndipo laisensi ndinali nayo. Koma za kunsi kwa galimoto sindinkadziwako kanthu. Kumeneko ankalowako okha.

Kwawo kwa amuna anga ndi kumunsi, kuseri kwa Kasinje, kumene banja lonse limalima mpunga wothirira. Chaka ndi chaka iwo ndiwo ankakweza mpunga wa abale onse kuchokera kudambo kudzafika nawo kumsewu waukulu, ine n'kumagulitsa. Maliro atatha, akuchimuna anakhala pansi n'kugwirizana kuti galimoto igulitsidwe, ati mkazi sangauthe msewu wa m'phiri uja. Wotsogolera nkhaniyo anali alamu anga, mng'ono wawo wa malemu. Si munthu woipa ayi, koma ndi uja akaganiza chinthu lero amafuna chichitike dzulo. Ine ndinakanitsitsa mpaka mawu anandisasa. Apongozi anga aakazi, omwe sakonda phokoso pakhomo pawo, ndiwo anadula mlanduwo. Anati ndiyendetse nyengo yokolola imeneyi, mpunga ukakwera bwinobwino galimoto ikhala yanga ndi ana, koma ikavuta igulitsidwa ndipo ndisadzatsegulenso pakamwa. Ndinavomera, pakuti popanda galimoto ija benchi yanga ikanangotsala thabwa, ndipo ana anga akanadya mphepo.

Maulendo oyamba anayenda bwino, mpaka ndinayamba kuimba poyendetsa. Tsiku lina ndinafika kwa apongozi dzuwa lili paliwombo, n'kuimika galimoto pabwalo pawo. Bwalo la apongozi anga mukanaliona. Amasesa mpaka nyerere imachita manyazi kudutsapo. Titamaliza kukweza matumba ndinasuntha galimoto, ndipo pamene panaima tayala lakumbuyo la kumanzere panatsala kadontho kakuda, noninoni, kakakulu ngati chikhatho cha mwana. Ndili m'galimoto ndinamva mayi wina wa nyumba yoyandikana akuuza mnzake kuti galimoto ikulira mwini wake. Ndinapsa mtima. Galimoto ilire? Ine mwini maliro ndaleka kulira pagulu, ndiye chitsulo chindipose? Apongozi anatenga tsache n'kukwirira kadonthoko ndi dothi osandiyang'ana.

M'mawa mwake ndinapita kwa amakaniko a pa Nsipe, komwe amuna anga ankagula zitsulo. Ndi bambo wachikulire, Msilamu, wa banja lija lili ndi golosale pamsewu. Galaja yawo ili kuseri kwa golosaleyo, pansi pa malata ochepa. Munthu wosafulumira ngati ameneyo sindinamuonepo, ndipo kwa ine wamtima wapachala anali mayeso. Anagwada, anapisa chala kuseri kwa tayala, n'kununkhiza. Kenako anandipatsa chala chomwecho kuti nanenso ndinunkhize. Fungo lake la mazira owola. Anati ndilisunge m'mutu fungo limenelo, chifukwa oyilo wa mu injini sanunkha choncho, ndipo wa mabuleki ndi wamadzimadzi. Uyu anali wa m'difu. Nditafunsa kuti difu n'chiyani anandilozera chimphika chachitsulo chomwe chili pakati pa matayala akumbuyo, n'kunena kuti m'menemo muli magiya osambira mu oyilo, ndipo paliponse pomwe chitsulo chozungulira chimatulukira pali kamphira kozungulira kotchinga oyiloyo kuti asatuluke. Kamphira kameneko ndiye silu. Ya kutayala lakumanzere inali itatha, basi.

Ndinapumira m'mwamba. Ngati ndi kamphira chabe, nanga chovuta n'chiyani? Anakweza galimoto pa jeke, anachotsa tayala, anasolola chitsulo chachitali chozungulitsa tayalalo, n'kuchotsa silu yakale. Anandionetsa kuti mabuleki a tayalalo anyowa ndi oyilo, ndipo mabuleki onyowa sagwira, choncho anasinthanso amenewo. Silu yatsopano anaipaka oyilo pang'ono m'mphepete n'kuikhomera mofatsa ndi kachidutswa ka payipi, gogogo, gogogo, ine ndikungozungulira galimoto ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinachoka pamenepo ndikuseka ndekha za mayi uja wa misozi ya galimoto.

Sipanapite nthawi. Ulendo wina ndikubwera kudambo ndi matumba, ndinaima pa Ntcheu kuti ndimwetse mafuta, ndipo fungo la mazira owola lija linandilonjera ndisanatsike. Ndinasuzumira pansi. Iii, kunsi konse kunali kutanyowa, oyilo atamwazika mpaka kumatabwa a kumbuyo. Ndinafika kugalaja nditakwiya kale, ndipo ndinawauza amakaniko kuti silu yawo ndi yabodza. Anatsuka kunsi konse ndi palafini, anadikira kuti kuume, n'kundituma kuti ndikatenge ufa wapang'ono. Ndinaganiza kuti akundiseka. Anati ayi, oyilo akamwazika amanamiza, munthu umaloza pomwe wagwera m'malo moloza pomwe wachokera. Anawaza ufawo pa difu ponse mpaka panayera mbuu, n'kundiuza kuti ndiyende kaulendo pang'ono ndibwerenso. Nditabwerako, mu ufa muja munali kanjira kakuda kochokera kutsogolo kwa difu, pomwe shafiti yaitali yochokera kugiyabokosi imalowera. Silu yomwe anaika poyamba inali youma gwa. Yomwe inabooka tsopano inali ina.

Ndinachita manyazi pang'ono, koma pang'ono pokha, chifukwa mantha anali ochuluka kuposa manyazi. Anamasula shafiti, anaika chizindikiro pa nati yaikulu kuti adzaibwezere pomwe inali, anapapasa chitsulo ndi chikhadabo kufuna kuona ngati chadyeka, anagwedeza uku ndi uku kumvetsera ngati china chake chamasuka. Zonse zinali bwino. Anati mwina masilu onse ndi a msinkhu umodzi, akutha motsatana. Ndinafuna kukhulupirira zimenezo, ndipo ndinakhulupiriradi.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithawa. Ndikaima paliponse, chinthu choyamba chinali kugwada n'kusuzumira pansi, kaya ndavala zakutchalitchi, kaya pali anthu. Ndinkayenda ndi katoni yophwasula yoyala kunsi kwa galimoto ndikafika kunyumba. Ndikugulitsa mpunga, kasitomala akulankhula, ine maso ali kugalimoto. Ndikudya, ndinkasiya mbale n'kutuluka kukayang'ana katoni. Kwa apongozi ndinasiya kuimika pabwalo, ndinkaima kumsewu m'maudzu, ati kuopa kuwononga bwalo, koma aliyense ankadziwa chomwe ndikubisa. Nkhani ya galimoto yolira inali itafika mpaka kumsika wa pa Kasinje. Ena ankati malemu sakufuna kuti mkazi akhale pampando wawo. Ndikanamva ndani wayambitsa zimenezo, sindikudziwa chomwe ndikanamuchita.

Ulendo womwe unaononga zinthu ndi umene alamu anga anandipempha kuti ndiwatengeko pa Boma popita kudambo. Tinali kutsika phiri, pamalo paja msewu umakhota phompho lili kumanja. Ndinaponda buleki monga mwa masiku onse, koma kumbuyo kwa galimoto kunangoterera cham'mbali. Ndinagwira chiwongolero ndi mphamvu zanga zonse, ndinatsitsa giya, galimoto inalira, n'kukaima matayala awiri ali m'ngalande ya kuphiri. Fumbi linatidutsa. Alamu anatsika, anazungulira kumbuyo, ndipo anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Tayala la kumanja linali lonyowa mkati monse, oyilo akuyenderera.

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Alamu, ana a achimwene ataya kale bambo. Mukufuna atayenso mayi?"

Sankanama. Tsiku lomwelo anakauza apongozi zonse, ndipo apongozi anandiitana n'kunena kuti Loweruka ndibwere nayo galimoto, kuli munthu wa ku Balaka amene akufuna kudzaiona. Ndinawapempha kuti ngati ifika Loweruka isakudontha aganizenso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti tidzaona pabwalo pomwepo.

Ndinabwerera pang'onopang'ono ndi giya yaing'ono, ndipo Lachisanu m'mawa amakaniko anandipeza nditakhala kale pakhomo la galaja. Unali mwezi wawo wosala kudya, milomo yawo inali youma, ndipo ine ndinabwera ndi mkwiyo wanga wonse kudzawathira. Ndinawauza kuti andimalizira galimoto, kuti ndikhala ndikusintha timphira mpaka liti, kuti mawa ikupita. Anamvetsera zonse ali chiimire. Kenako anati masilu atatu sabooka motsatana chonchi popanda chowakankha, ndipo sasinthanso china mpaka atachipeza chowakankhacho. Anafunsa ngati wina anathira oyilo wopyola muyezo, n'kutsegula kabowo kothirira, kupisa chala. Muyezo unali wotsika, osati wopyola. Anagwedezanso matayala, anapapasanso zitsulo, anakhala kunsi kuja akungoyang'ana m'mwamba. Nthawi ya mapemphero itakwana anasamba m'manja n'kupita kumzikiti, kundisiya ine ndi galimoto yanga.

Ndinayesa kukhala pansi, zinakanika. Ndinapita kubenchi, ndinabwerako. Ndinagula chinangwa, sindinadye. Ndinayamba kuganiza zopusa, zoti mwina amayi aja akunena zoona, mwina malemu aja sakufunadi. Ndinafika mpaka polankhula ndi galimoto, kuifunsa kuti ndinailakwira chiyani. Anyamata a kabaza omwe ankadutsa anandiona, koma ndinalibe nazo ntchito.

Amakaniko atabwerako anandiuza chinthu chomwe chinandikwiyitsa kwambiri: ndiyendetse mpaka pa Boma ndi kubwerako, mosamala, osaima, kuti difu itenthe. Ndinati mafuta akugula ndani? Anati ndipite basi. Ndinapita ndikung'ung'udza njira yonse. Nditangofika analowa kunsi ndi sipanala, nsanza ili kudzanja, n'kundiuza kuti ndigwade ndimvetsere. Anapotokola pang'onopang'ono chotsekera cha kabowo kothirira kaja, ndipo ndinamva ndi makutu anga, psiii, mpweya ukutuluka ngati potsegula botolo la zoziziritsa kukhosi.

Anatuluka kunsi kuja akupukusa mutu, akudziseka okha. Anati difu imapuma. Oyilo akatentha mpweya wa mkatimo umafufuma, ndipo pamwamba pa difu pali kabowo kotulutsira mpweyawo. Kabowoko kakatsekeka, mpweya umakankha oyilo kuti atulukire pa silu iliyonse yofooka, ukatseka iyi umapita ku inayo. Anati kabowoko anakayang'ana tsiku loyamba lomwe, koma anapeza kuti pali kapayipi ka mphira kokwera m'mwamba, monga amachitira anthu owoloka mitsinje kuti madzi asalowe, ndiye anangoti apa mwini wake anakonza kale. Sanakatsatire kapayipiko kuti aone komwe kathera.

Anakazula kumunsi, pa difu, n'kukapukuta ndi nsanza. Kenako anaima, akukayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Mayi, pafunika kupemerera umu kuti tione ngati mpweya ukudutsa. Ine ndili pa swaumu, sindingaike pakamwa, mwina kanthu kangandilowe kukhosi. Pemererani ndinu."

Ndinayala thumba pansi, ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kulowa kunsi kwa galimoto ya amuna anga koyamba m'moyo wanga. Kunali kotentha, ndipo fumbi linkandigwera m'maso. Ndinaika kapayipi pakamwa, kowawa, konunkha mazira owola aja, n'kupemerera mpaka masaya anandipweteka. Mpweya sunapite kulikonse. Ndinayesanso mpaka m'makutu munalira. Ndinatuluka ndikulavula, milomo ili bii, ndipo amakaniko kwa nthawi yoyamba ndinawaona akufulumira. Kapayipiko kankakwera n'kukabisala pamwamba pa tayala la sipeya. Anatsitsa tayalalo, anapisa dzanja, n'kukoka nsonga yake. Kunsongako kunali kamtengo kosemedwa bwino, kokhomeredwa mwamphamvu, matope atauma pamwamba pake.

Anakazula ndi pulayala n'kundipatsa. Kanali kamtengo ka gwafa, kotalika ngati chala changa chaching'ono, kosongoka mbali imodzi. Nditachotsa matope ndi chikhadabo ndinaona kuti kumutu kwake kuli malo olumidwa, mano ambirimbiri, ena akale ena atsopano, ndipo paliponse pomwe mano awiri akutsogolo analuma panatsala kampata pakati. Amuna anga anali ndi mpata kumano akutsogolo. Ndinakhala pa tayala la sipeya lija.

Amakaniko anamvetsa ndisanalankhule. Anati zikuoneka kuti mtsinje ukadzaza madzi ankafika mpaka pansonga pa kapayipiko, ndiye malemu ankatseka ndi kamtengoka, mvula ikatha n'kuzula ndi mano, chaka ndi chaka. M'nyengo ya mvula maulendo ndi aafupi, m'matope, difu siitentha kwambiri. Chaka chimenecho anatseka, koma sanafike pozula. Ine sindinkadziwa chifukwa m'mvula sindinkapita nawo kudambo, ndinkatsala pabenchi. Ndinalira pomwepo, pagalaja, milomo yakuda ndi oyilo, ndipo bambo uja anapita kukasakasaka chinachake m'kashopu mpaka nditamaliza.

Madzulo amenewo anasintha silu ya kumanja ndi mabuleki ake, anathira oyilo wina, anatalikitsa kapayipi n'kukamangirira m'mwamba kuseri kwa kanyumba ka dalaivala komwe madzi sangafike. Anandipemereretsanso, ndipo mpweya unadutsa myaa. Kamtengo ndinakamanga pakona ya mpango wanga. Sindinafune kuti munthu wina aliyense akagwire.

Loweruka ndinatsika phiri lija mtima uli m'mwamba, ndikuima apa ndi apo kusuzumira pansi. Ndinafika difu ili yotentha, ndipo sindinaime kumsewu. Ndinalowa nayo mpaka pakati pa bwalo la apongozi, losesedwa m'mawa womwewo, n'kuzimitsa. Munthu wa ku Balaka anali atafika kale, akuzungulirazungulira ndi kugogoda matayala ndi nsapato. Amayi a nyumba zoyandikana anapeza zifukwa zodutsira pamenepo. Tinakhala pamkeka, tinapatsana moni, tinafunsana za ana, tinamwa thobwa, koma maso a aliyense anali kunsi kwa galimoto. Dzuwa litapendeka alamu anandipempha kuti ndiisunthe. Ndinaisuntha. Anagwada, anapapasa dothi ndi chikhatho pomwe panaima tayala lililonse, analowetsa mutu kunsi, anapisa chala kuseri kwa matayala onse awiri. Pabwalo panali mizere ya tsache ndi mapazi a matayala basi.

Anati mwina ndangoipukuta panjira. Apo m'pamene ndinamasula mpango n'kuika kamtengo kaja pamkeka, ndi kufotokoza zonse monga anandifotokozera amakaniko. Ndisanamalize, nkhope ya alamu inasintha. Anakhala pansi padothi pomwepo. Anati akukadziwa kamtengoko. Ulendo womaliza wa m'mvula anali limodzi ndi achimwene awo, ndipo anawaona akulowa kunsi kwa galimoto m'mbali mwa mtsinje, kamtengo kali kukamwa, iwo atawagwirira ambulera. Sanafunse kuti n'kachiyani. Anaphimba nkhope ndi chipewa, ndipo munthu wa ku Balaka ataona mmene zinthu zilili anatsanzika mwaulemu.

Apongozi anatambasula dzanja n'kutola kamtengo kaja. Maso awo ndi ofooka, choncho anakayendetsa ndi chala chachikulu kumutu kwake, mobwerezabwereza, pamalo olumidwa paja. Ndinaona chala chawo chikuima pakampata.

"Awa ndi mano a mwana wanga," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Galimoto tengani, mwana wanga, ndi yanu ndi ana. Aka kokha mundisiyire."

Anakamanga pakona ya chitenje chawo, mfundo ziwiri, n'kuipisa m'chiuno. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndakapeza ndine, kuti ndinakalowera kunsi kwa galimoto ndine. Koma ndinangowomba m'manja n'kuthokoza monga ayenera kuchitira mpongozi.

Alamu anakweza okha matumba tsiku limenelo, mpaka anamangirira ndi chingwe. Ndinakwera phiri ndi katundu wodzaza, mabuleki akugwira, galimoto ili yanga. Pamalo okhota paja ndinaima pambali, osati kuti ndisuzumire pansi. Ndinakhala m'galimoto momwemo, mpango womasula uli pamiyendo, ndikuwachitira nsanje apongozi anga.